Mbalame ya pa Madigadi

Mtembo wa Jameson, mkulu wogula matemba wa ku Songani, unapezeka mmawa m'njeza, udzu wa m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, m'mphepete mwa kanjira kochokera padoko la Kachulu. Anali atamenyedwa ndi chinthu cholemera kunkhongo. Madengu ake anali pomwepo, nsomba zili mbwee, akhwangwala akuchita phwando. Chimene panalibe ndi njinga yake yakuda, yodziwika kuyambira kunyanja mpaka ku Songani chifukwa cha mikango yofiira imene inamatidwa pafelemu pake. Dzuwa lisanafike paliwombo, njingayo inapezeka m'chisakasa cha Fanuelo kuseri kwa msika. Mwini chisakasa anali atagwada pambali pake, ketulo ikufuka nthunzi, iye akusenda mkango womaliza.

Esinati anaimva nkhaniyi ali m'munda wa mpunga akupirikitsa mpheta. Anataya chitini chimene ankaimba, nathamanga osacheuka, ndipo mpheta zinatera mwaufulu.

Fanuelo anali bwenzi lake la ukwati. Ankhoswe anali atapangana kale kuti mpunga ukalowa m'nkhokwe awiriwo akaimirira kutsogolo kwa tchalitchi. Nkhoswe ya Esinati inali mchimwene wake Pitala, msodzi, amene anamulera makolo awo atatha ndi njala yaikulu ija. Nyumba imene Fanuelo ankamanga kwawo kwa mtsikanayo, monga achitira mkamwini aliyense, inali itangotsala denga.

Ntchito ya Fanuelo inali yokongoletsa njinga, masutikesi ndi magalasi. Ankagula mapepala a zithunzi zomata kwa Amwenye ku Zomba: maluwa, mikango, nyenyezi, sitima zapamadzi. Chithunzi ankachiviika m'madzi mpaka chifewe, n'kuchitsetsereza kuchoka papepala kupita pachitsulo, kenako n'kuchisisita ndi kansalu kuyambira pakati kumka m'mbali, pang'onopang'ono, ngati munthu wotonthoza khanda. Esinati anayamba kumukonda poyang'ana zala zimenezo. Lero zalazo zinali mu unyolo.

* * *

Fanuelo anamutsekera m'kachipinda ka kuseri kwa bwalo la milandu. Pakhomo panakhala Sajeni Makisoni, wapolisi wa ku Zomba, akudzipepesa mphepo ndi chipewa chake. Njinga ija inatsamira khoma pafupi naye.

"Ndiwe mkazi wake?" anafunsa Sajeniyo ataona Esinati.

"Sitinakwatirane, bwana. Tatsala pang'ono."

"Ndiye thokoza Mulungu wako, wapulumuka umasiye." Sajeni anapukuta thukuta m'khosi. "Kesi iyi yadzizenga yokha, chemwali. Njinga ya wakufa ili m'manja mwa wamoyo, wamoyoyo akufufuta zizindikiro. Ndikamufunsa kuti waitenga kuti, akungowerenga zala zake. Lole ibwera dzuwa likapendeka. Ku Zomba sakayankhula ndi ine, akayankhula ndi jaji. Jaji akatha, chimayankhula ndi chingwe."

"Ndiloleni ndiwaone."

"Pawindo. Osagwirana manja."

Fanuelo anali atakhala pansi, msana pakhoma. Ataona nkhope ya Esinati anamwetulira, koma kumwetulirako sikunafike m'maso.

"AFanuelo, njingayi mwaitenga kuti?"

"Anabwera nayo munthu mbandakucha. Anati waigula ku Songani, sakufuna mikango ya mwini wake wakale."

"Munthu wake ndani?"

"Munthu."

"Alibe dzina? Sanabadwe kwa mayi? Tchulani, akumasuleni!"

Fanuelo anayang'ana kudenga. "Udzu wofolera uja ndausiya pansi kuseri kwa nyumba. Ukaukweze pathandala, chiswe chingaudye."

"Akukamba za chingwe, inu mukukamba za udzu?"

"Pita kunyumba, Esinati. Usafunse anthu kanthu. Ndapota nawe."

Esinati anachoka pawindopo, ndipo podutsa maso ake anagwera panjinga. Pafelemu, pamene panali mikango, chitsulo chinali see, osakandika ngakhale pang'ono. Imeneyo inali ntchito ya nthunzi ndi chikhadabo cha Fanuelo. Koma pamadigadi akumbuyo, chotchinga matope cha tayala, utoto unali utapalidwa moipa, mizere yakuya ngati pamene padutsa mphaka wolusa. Pamwamba pa mizereyo panamatidwa mbalame yabuluu yotambasula mapiko, yopindika, yamakwinya, m'mbali mwake muli kamzere koyera ngati ufa.

Mbalame imeneyo ankaidziwa. Fanuelo anamuuza kuti papepala lonse panali mbalame zotere ziwiri zokha. Imodzi anaimata pakagalasi kake tsiku limene anamufunsira. Inayo anamupatsa kuti asunge, adzaimate pachitseko cha nyumba yawo.

Kodi anamunamiza? Kodi mbalamezo zinali zambiri, zogawira aliyense wodutsa? Anadzichitira manyazi kuti nsanje yapeza malo pa tsiku lotere, koma inawapeza.

"Bwana, anakuuzani ndani kuti njinga ili kwa aFanuelo?"

"Mayi wina wowamba nsomba. Veronica. Pakamwa pake ndi ngati wayilesi ya kwa DC, sipazima."

* * *

Esinati anawapeza Mayi Veronica padoko akutembenuza milamba pawaya, utsi ukuwaliza misozi. Ataona Esinati anaomba m'manja.

"Mayo ine, mwanawe! Usandiyang'ane choncho. Ine ndinangonena zimene maso anga anaona. Ndikanadziwa kuti zigwera mwana wofatsa uja, lilime ili ndikanaliwamba pamodzi ndi milambayi!"

"Munaona chiyani, amayi?"

"Ndinadzuka tambala atangolira kukatola nkhuni, si ukudziwa nkhuni za masiku ano, ukachedwa upeza akazi a kwa Mwambo atasesa zonse, mfiti za akazi. Ndiye ndikuona munthu akukankha njinga, osakwera, kukankha. Ndati ameneyu wagula njinga asanaphunzire kupalasa? Ndaseka ndekha. Walowa nayo m'chisakasa cha Fanuelo. Dzuwa litakwera ndikumva kuti Jameson wafa, njinga yasowa. Jameson amene ankandinyoza kuti nsomba zanga n'zosapsa! Mulungu amukhululukire, ine ndamukhululukira kale."

"Nkhope munaiona?"

"Ndiione bwanji, atafunda chiguduli kumutu? Kunali nkhungu, mwanawe."

"Ndiye mwina anali aFanuelo amene?"

"Iii, ayi! Fanuelo amayenda ngati akuopa kupweteka nthaka. Uyu ankaponda ngati mwini dziko. Ndiponso miyendo yake inali yotuwa ndi matope a m'nyanja mpaka m'mawondo. Fanuelo wako uja analowapo m'nyanja? Si uja ana amamuseka kuti amaopa ndi chule yemwe?"

"Zimenezi munawauza apolisi?"

Mayi Veronica anasiya kutembenuza nsomba. Kwa nthawi yoyamba mawu awo anatsika.

"Ndinawauza. Anati matope amasambika. Ndiye ndinene chiyani ine? Asodzi pano ndi ochuluka ngati matemba, onse miyendo yotuwa. Ndiloze uti, mawa andiwotchere nyumba?" Anamugwira mkono. "Kafunse Che Mussa wokonza njinga. Dzulo madzulo ndinamuona akunong'onezana ndi munthu kuseri kwa shedi yake, ndipo atandiona anakhala chete. Mussa kukhala chete pondiona ine si zachilendo. Koma winayo anabisala."

* * *

Che Mussa anali atakhala pachitsa akumata chubu. Sanadzutse mutu.

"Sindikudziwa kanthu."

"Sindinafunse kanthu, Che Mussa."

"Ndayankhiratu."

Esinati anagwada patsogolo pawo. "Njinga ija mwaiona?"

"Sajeni anandiitana ndiizindikire. Ndaizindikira. Ya Jameson. Basi."

"Nanga mbalame ya pamadigadi?"

Manja a Mussa anaima. Anapuma mozama, nayang'ana uku ndi uku.

"Iwe umakhala pafupi ndi Fanuelo. Amaviika zithunzi zake m'madzi anji?"

Esinati anakumbukira botolo lobiriwira limene Fanuelo ankayenda nalo paliponse, lodzaza madzi a pachitsime cha kumishoni kapena a mvula. Tsiku lina iye anafuna kumutungira padoko, ndipo Fanuelo anamuletsa akuseka. Madzi a Chilwa ndi amchere, anatero, amadya ulimbo wa chithunzi. Chimagwira lero, mawa chimachita makwinya, m'mbali n'kutuwa mchere, kenako chimasendeka ngati khungu la njoka.

"Kamzere koyera kaja ndi mchere," ananong'ona. "Anaimata ndi madzi a m'nyanja. Si aFanuelo."

"Wanena ndiwe."

"Ndiye tiyeni mukawauze a Sajeni!"

"Ndikawauze kuti mchere ukuchitira umboni? Aseka. Afunsa kuti wamata ndani. Ine ndine mlendo pano, mwana wanga. Kwathu ndi ku Domasi. Pano ndili ndi shedi, sipanala ndi ana. Ndilibe mbumba yondiikira kumbuyo."

"Dzulo madzulo munayankhula ndi munthu."

Mussa anathira ulimbo pachigamba, naupemerera nthawi yaitali kuposa mmene unafunikira.

"Munthu anandifunsa kuti zithunzi za panjinga amazichotsa bwanji. Ndinati ine ndimadziwa matayala, za zithunzi kafunse Fanuelo. Walayi, ndikanadziwa, ndikanati pala ndi mwala. Ndine ndinamulozera khomo la mwana uja."

"Dzina lake, Che Mussa. Ndagwira mwendo wanu."

Mkuluyo anamuyang'ana koyamba. M'maso mwake munalibe ukali, munali chisoni, ndipo chisonicho n'chimene chinamuopsa Esinati.

"Fanuelo si chitsiru. Ngati watseka pakamwa, pali amene akumuphimba. Dzifunse kuti pa dziko lino ndi ndani amene Fanuelo angamufere. Pita kwanu, ukamwe madzi."

* * *

Njira ya kumudzi inkadutsa m'minda ya mpunga wakucha, ndipo mphepo yochokera kuchilumba cha Chisi inkaweramitsa ngala zonse mbali imodzi. Masiku ena Esinati akadutsa apa ankalota chitseko chopaka laimu ndi mwana wa zala zazitali ngati za bambo wake. Lero ankangobwereza mumtima kuti mbalame zinali zambiri, Fanuelo ananama, zinali zambiri. Anapemphera kuti bwenzi lake likhale labodza.

Analowa m'nyumba, nakoka kabokosi kake pansi pa mphasa. Munali mpango wa kutchalitchi, mikanda ya malemu mayi ake ndi kagalasi kaja, mbalame yake ili pomwepo, yosalala ngati inamera m'galasimo. Anafunyulula mpangowo pamene ankabisa mbalame inzake ija. Anaukutumula. Anakhuthula bokosi lonse pansi.

Panalibe.

M'nyumbamo ankagonamo anthu awiri okha.

Esinati anamupeza Pitala kuseri, pamthunzi wa nyumba yopanda denga ija, akusoka ukonde. Miyendo yake inali yosamba bwino, yopaka mafuta, chinthu chimene sankachita pakati pa sabata. Mpeni wake wotumbulira nsomba unali pambali, ndipo pamene chitsulo chimalowa m'chigwiriro panakanirira tinyenyeswa takuda ta utoto.

"Achimwene."

"Mpunga wausiyira ndani? Mpheta zikumalizatu."

"Mbalame yanga ili kuti?"

Singano ya ukonde inapitiriza kulowa ndi kutuluka. "Mbalame zili kumunda, ndanena kale."

"Ya m'bokosi mwanga. Ili panjinga ya aJameson. Munapala mikango ndi mpeni uwu, utoto unachoka, munafuna kubisa chilondacho. Munaiviika m'nyanja. Itakana kukhala bwino munafunsa Che Mussa, ndipo mbandakucha munapita nayo kwa alamu anu."

Pitala anaika ukonde pansi. Sanakalipe. Esinati akanakonda akanakalipa.

"Khala pansi, chemwali."

"Munawapha?"

"Ndinaipeza m'njeza. Munthuyo anali atagona kale, ntchentche zitayamba. Ndinati wakufa sapalasa njinga."

"Ndiyang'aneni, munenenso."

Anamuyang'ana, koma maso akewo anali ngati madzi a Chilwa, oti sungaone pansi ngakhale pali posaya. Esinati anakumbukira kuti mwezi wathawo Jameson anamutayira nsomba Pitala pamaso pa anthu, namutcha kapolo wa bwato la eni. Anakumbukiranso kuti mchimwene wakeyu sanaphepo ngakhale nkhuku osatembenuza nkhope. Zonse ziwiri zinali zoona, ndipo sizinamuthandize.

"Ngati munangoipeza, kawauzeni choncho."

"Akhulupirira? Njinga yapezeka ndi Fanuelo, akuti wapha ndi Fanuelo. Ikapezeka ndi ine, wapha ndine. Chingwe sichifunsa, chimangofuna khosi."

"Ndiye khosi likhale la munthu wosalakwa?"

"Sindinamuuze kuti akhale chete. Wasankha yekha. Akudziwa mwambo. Mkamwini amene wapereka nkhoswe ya mkazi wake kwa apolisi angafolere nyumba pamudzi uno? Angamwe madzi a ndani? Ndipo iwe ungagone naye mphasa imodzi, ukudziwa kuti pakamwa pake ndi pamene panandipachika?"

Esinati anagwira khoma. Dothi lake linali lofunda, ndipo munali zidindo za zala za Fanuelo pamene ankamata.

"Chaka cha njala," anapitiriza Pitala motsitsa mawu, "ndinkamira m'thope mpaka m'khosi kukukumbira nyika, mizu ya kakombo ija, kuti udye. Misundu inkandiyamwa, iwe uli pamtunda ukulira. Amayi pomwalira anandigwira dzanja ili. Sindikukuwerengera ayi. Ndikungoti amuna ndi ambiri, chemwali. Mchimwene wako ndi mmodzi."

Kutali, kunjira ya ku Zomba, kunamveka kulira kwa injini.

* * *

Anathamanga. Minga inamubaya, chitenje chinakodwa m'ziputu, koma sanaime. M'mutu mwake ankakonza mawu. Sadzatchula munthu. Adzangoonetsa mchere, adzaitanitsa botolo lobiriwira, adzapempha kuti amatitse Fanuelo chithunzi china pamaso pa onse kuti aone kusiyana kwa manja. Zikakanika, pamenepo ndiye adzaona. Mulungu adzamupatsa mawu, kapena adzamulanda.

Atafika, khamu linali litazinga lole. Fanuelo anali atakwezedwa kale kumbuyo, atakhala pathumba, manja a unyolo ali pamawondo. Njinga anaigoneka pafupi ndi mapazi ake. Mayi Veronica ankalira mokweza. Che Mussa sankaoneka.

"Bwana! Bwana Sajeni, imani!"

Sajeni Makisoni anali ataponda kale pachitsulo chokwerera. Anatsika mokwiya pang'ono.

"Iwenso? Nena msanga, dalaivala akuopa matope a kudambo."

"Si iwo anayamba kuigwira njingayi. Pali wina anaipala ndi mpeni, n'kumata chithunzi ndi madzi a m'nyanja. AFanuelo sagwiritsa madzi a m'nyanja, aliyense akudziwa. Onani mbalame ya pamadigadi, mchere ukuoneka m'mbali!"

Sajeni anamuyang'ana kanthawi. Sanali munthu woipa, anali munthu wotopa. Anazungulira kumbuyo kwa lole, nakoka njingayo ndi tayala, naweramira pamadigadi.

"Mbalame iti?"

Esinati anakankha anthu nafika pafupi. Mizere ya mpeni inalipo. Pamwamba pake panalibe kanthu. Ngakhale kamzere koyera kanali katapukutidwa, malowo akunyezimira ndi malovu.

Anakweza maso. Fanuelo ankayang'ana kunyanja. Kunsi kwa chikhadabo cha chala chake chachikulu kunali kabuluu, ndipo chibwano chake chinkayenda pang'onopang'ono. Kenako anameza.

"Ndikukumbuka ngati panali kanthu," anatero Sajeni akukanda m'mutu. "Iwe, panali chithunzi apa?"

"Panalibe, bwana," anayankha Fanuelo. "Mizereyo ndinapala ndine, nthunzi itachedwa. Mtsikanayu amalota ali maso. Musamumvere."

"AFanuelo!"

"Chemwali, tamvera." Sajeni anatsitsa mawu kuti khamu lisamve. "Ndagwira ntchito iyi zaka zambiri. Munthu wopha mnzake sakhala chete chonchi, amalongolola. Ndikuona kuti pali chimene mukudziwa nonse awiri. Koma jaji sindingamupititsire maloto. Ndipatse dzina. Dzina limodzi, ndimutsitsa pompano, tiyambirenso."

Dzinalo linali palilime pake, lolemera ngati mwala. Anatsegula pakamwa. Fanuelo anatembenuka namuyang'ana, napukusa mutu pang'ono kwambiri, moti anaona ndi iye yekha. Nthawi yomweyo dzanja lolimba, lonunkha nsomba ndi mafuta, linatera paphewa pake mofatsa. Sanafunike kucheuka. Linali dzanja limene linamudyetsa nyika.

"Pepani bwana," anatero Pitala mwaulemu, chipewa chili m'manja. "Ndi mlongo wanga uyu. Chisoni chamusokoneza mutu."

Sajeni sanamuyang'ane Pitala. Anadikira Esinati. Dalaivala analiza hutala. Khamu linali zii, ndipo mtsikanayo ankamva mpweya wake ukulowa ndi kutuluka, wopanda mawu.

Sajeni anavala chipewa, nakwera.

Lole inanyamuka pang'onopang'ono, ikugwedezeka m'maenje. Fanuelo sanakweze dzanja. Anangomuyang'ana mpaka fumbi linatseka pakati pawo. Anthu anayamba kubalalika awiriawiri, akunong'onezana za mwana wofatsa amene anabisa mtima wa chilombo.

Dzanja lija silinachoke paphewa.

"Tiye kunyumba, chemwali," anatero Pitala. "Sindinadye chidzukireni."

Ndipo miyendo ya Esinati inamutsatira.